Kafukufuku wa ana athu afike kumsika

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa phunziro la kafukufuku wa zamalonda limene ana athu akuphunzira m'mayunivesite monga MUBAS ku Blantyre.

Ine ndimagulitsa usipa wouma pamsika wa pa boma kuno ku Mangochi, ndipo zaka zonsezi ndinkaoda mongoganizira. Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira phunziroli, atabwera kutchuthi, anakhala nane pabenchi milungu itatu, kope lili m'manja. Ankalemba za beseni lililonse: ndaoda zingati kudooko, galimoto yadya zingati, wowonongeka ndi wochuluka bwanji. Ankati ukafunsa okukonda okha udzangomva zokoma, choncho ankafunsa wogula wachisanu aliyense, m'mawa ndi madzulo omwe. Mafunso ake anawakonza m'Chiyao kuti amayi ochokera ku Namwera amasuke poyankha.

Kopelo linaonetsa kuti ndalama zanga zinkathera pa usipa wa nthawi ya mvula, wosauma bwino, umene umachita nkhungu usanagulidwe. Chonsecho ine ndinkangodandaula za mtengo wa mayendedwe! Tsopano mvula ikayamba ndimaoda pang'ono pang'ono.

Chondiwawa n'chakuti ana otere akalemba kafukufuku wawo womaliza, amangomusunga m'laibulale, m'Chingerezi. Ndikupempha aphunzitsi awo kuti aziwatumiza kwa asodzi a ku Malombe ndi eni malo ogona alendo a ku Monkey Bay, ndipo akamaliza azibwerera kudzatiuza zimene apeza m'chinenero chathu.

Wogulitsa usipa,
Mangochi