Tisathothole masamba a chimanga chisanakhwime

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi alimi anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu. Ambirife timakhulupirira kuti chimanga chimadya feteleza monga ife timadyera nsima, ndipo tikathira thumba lathu timati tamaliza. Maganizo amenewa akutichititsa kuwononga zokolola ndi manja athu omwe.

Chimanga chimadzipangira chokha chakudya, ndipo ntchitoyo imachitikira m'tsamba. Mizu imakoka madzi. Tsamba limatenga mpweya wa carbon dioxide kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso. Zobiriwira za m'tsambamo, zimene asayansi amati chlorophyll, zimagwira kuwala kwa dzuwa, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imasandutsa madzi ndi mpweyawo kukhala shuga, n'kutulutsa okosijeni amene timapuma. Ana athu amaziphunzira kusukulu m'dzina loti photosynthesis, koma akabwera kumunda sitiwafunsa. Shuga ameneyu amayenda m'phesi mpaka ku chitsononkho n'kudzaza njere. Ufa umene uli m'nyumba mwanu unachokera kumeneko.

Nkhaniyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1600, wasayansi wina, Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels, anadzala kamtengo kolemera makilogalamu 2 ndi pang'ono mu mphika wa dothi louma la makilogalamu pafupifupi 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka 5. Mtengowo unafika makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi linangopungukako magalamu osakwana 60. Iye anaganiza kuti zonsezo zachokera m'madzi. Mu 1779 wasayansi winanso, Jan Ingenhousz, anaonetsa kuti masamba amatulutsa mpweya wabwino uja wa okosijeni pokhapokha pali kuwala.

Sindikunyoza feteleza ayi. Urea ali ndi nayitirojeni 46 peresenti, ndipo popanda nayitirojeni mbewu singapange chlorophyll. N'chifukwa chake chimanga chosowa feteleza chimayamba chikasu masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga kutsata msempha wapakati. Feteleza amamanga tsamba ndi kulisunga lobiriwira. Ukalichotsa tsambalo, ndalama zako wazitaya wekha.

Chimene chikundipweteka ndi ichi. Kuno kwathu mwezi wa February ndi March mbuzi zimakhala pachingwe kuopa kudya mbewu za eni. Mwana akatumidwa kukafuna zakudya za mbuzi amangolowa m'munda wapafupi, n'kuthothola masamba obiriwira, ena mpaka kudula phesi pamwamba pa chitsononkho pamodzi ndi ngayaye. Akulu amaona koma samaletsa, amati "chabereka kale, ndevu zauma." Komatu nthawi imeneyo njere zimakhala zikadali mkaka, ndipo masamba amene amazidzaza kwambiri ndi lija loyandikana ndi chitsononkho ndi onse a pamwamba pake. Pokolola mumapeza chitsononkho chooneka chachikulu ndithu, koma mukasenda makoko kunsonga kuli njere zofota, zina zopanda kanthu, ndipo thumba lake lopepuka. Kenako timanena mbewu kuti ndi yabodza, kapena mvula.

Njira yodziwira ilipo ndipo siifuna ndalama. Tongolani njere imodzi pakati pa chitsononkho, mupale ndi chikhadabo kumene imagwirira. Mukaona kadontho kakuda, ndiye kuti njereyo yatseka, chakudya sichikulowanso. Apo dulani masamba mmene mungafunire. Kadonthoko kasanaoneke, tengani masamba a pansi okha amene ayamba kuuma, kapena mwetani udzu wa m'mbali mwa munda.

Amayi othyola khwanya ndi nkhwani nawonso asamalize masamba pa mbewu imodzi ngati akufuna nyemba ndi maungu. Ntchemberezandonda zimatilanda zokolola m'njira yomweyi, podya masamba. Udzu wochedwa kupalira umaphimba chimanga chaching'ono kuti chisaone dzuwa. Ndipo makolo athu ankasiya mtengo wa msangu m'munda podziwa kuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, dzuwa n'kumafika pa mbewu, nthaka n'kumanona.

Pempho langa kwa alangizi a zaulimi ndi mapulogalamu a pawailesi ndi loti akamatiphunzitsa za feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, azitiuzanso za tsamba, makamaka mu January mbuzi zisanayambe kuvuta. Mafumu nawo angaike lamulo la m'mudzi loletsa kuthothola chimanga chosakhwima, monga mmene amaikira lamulo lomanga ziweto.

Mlimi wa chimanga,
Mitundu, Lilongwe