Masitazi ndi yabwino koma siyisintha pasipoti ya mwana wanu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yatenga malo m'makomo mwathu kuno ku Harare, yoti mwana akafuna kukaphunzitsa Chingerezi kunja ndiye kuti ayambe wapanga kaye masitazi, digiri yachiwiri imene munthu amapanga akamaliza yoyamba. Ine ndine mphunzitsi wa Chingerezi, choko ndachigwira zaka 19 pa sekondale ina kuno ku Mufakose, agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Federation kudzasaka ntchito ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, ndipo ife tinabadwira konkuno. Masitazi imene anthu akuyikambayo ine ndili nayo, ili mu fulemu pakhoma pabalaza. Ndiye izi sindikutola m'kombi ayi, ndinadutsamo ndekha.

Chandikhudza ndi ichi. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi mlongo wanga anabwera kunyumba ndi mwana wake wamkazi, mtsikana wanzeru zedi amene wangomaliza digiri yake ya Chingerezi. Mlongo wangayu amagulitsa tomato ndi anyezi ku Mbare Musika, amadzuka 3 koloko m'mawa tsiku lililonse, manja ake anachita kung'aluka ndi madzi ozizira a mu Juni. Anakhala pansi pa mkeka, n'kumasula mfundo ya chitenje, kutulutsa mapepala a sitandi yomwe wakhala akulipira pang'onopang'ono zaka 8, amvekere achimwene ndaganiza zoigulitsa, mwanayu apange masitazi apite ku Korea. Nditafunsa kuti za ku Korea wakuuzani ndani, mtsikana uja akuti amalume ndi ejenti wina m'tauni, wanena kuti ukakhala ndi masitazi mabwana a kumeneko amachita kukulimbirana. Mtima wanga unawawa kwambiri, chifukwa zimenezo ndi zabodza ndipo ejentiyo akudziwa kuti ndi zabodza.

Ku South Korea viza ya aphunzitsi a Chingerezi imatchedwa E-2, ndipo mayiko amene amawawerengera kuti ndi eni chilankhulo alipo 7, America, Britain, Canada, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mu Africa monse muno ndi South Africa yokha basi. Zimbabwe mulibe, Malawi mulibe, Zambia mulibe. Munthu wa ofesi ya viza amayamba wayang'ana chikuto cha pasipoti asanatsegule n'komwe envelopu ya masatifiketi, ndiye kaya uli ndi masitazi kaya udokotala, pasipoti ikakhala yathuyi nkhani imathera pa kauntala pomwepo. Mnyamata wa ku Durban wa digiri ya zokopa alendo alowa, iwe wa masitazi ya Chingerezi yeniyeniyo utsala. N'zopweteka, n'zopanda chilungamo, koma ndi mmene lamulo lawo lilili ndipo sitandi ya mlongo wanga singalisinthe.

Ine izi ndinaziphunzira mochedwa, ndalama zitapita kale. Ndinapanga masitazi yanga ndikugwira ntchito, tchuthi chilichonse ndili m'kalasi, ngongole ya fizi ndinaimaliza patatha zaka ziwiri nditavala kale gauni. Kenako ndinayamba kutumiza makalata ofunsira ntchito, usiku magetsi akabwera, ndinatumiza oposa 40. Ambiri sanayankhe. Amene anayankha, sukulu ina ya ku Asia inandilembera mzere umodzi wokha kuti akufuna eni chilankhulo okhaokha, ina tinachita intavyu pa vidiyo, mayi uja atangoona nkhope yanga anayamba kufunsa ngati ana angamve kayankhulidwe kanga pomwe tinali titacheza kale pa foni mphindi 10 osavutika kumvana. Ndinatseka laputopu n'kukhala phee mumdima, mkazi wanga anangondiikira tiyi patebulo osanena kanthu. Munthu ndinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, ndakhozetsa ana mazanamazana O Level, koma tsiku limenelo ndinaoneka ngati wopempha.

Sikuti makomo onse ndi otseka ayi, alipo otsegula, koma chimene amafunsa pakhomo si masitazi. Malo ambiri ophunzitsa ana ndi masukulu a zilankhulo ku Thailand ndi ku Vietnam amafuna digiri yoyamba, satifiketi yophunzitsira Chingerezi yotchedwa TEFL ya maola 120, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, ndi mapepala odindidwa bwinobwino kuti ndi enieni. Ku Thailand ife amene satiwerengera ngati eni chilankhulo amatiuza tilembe mayeso a Chingerezi otchedwa TOEIC tipeze 600 kapena kuposa. Pa masatifiketi a TEFL pamenepa ndiye anthu asamale, pa intaneti adzaza a madola 20 omwe umangodinadina n'kulandira pepala. Imene mabwana amailemekeza kulikonse ndi CELTA ya Cambridge kapena CertTESOL ya Trinity, chifukwa mmenemo umaphunzitsa ophunzira enieni maola 6 wina atakhala kumbuyo akukulemba zolakwa zako, ndipo yonse imatha pa mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono ukamaphunzira tsiku lonse. Ndi yodula inde, koma siyifika pa mtengo wa masitazi ya zaka ziwiri, ndipo ndi imene imakuphunzitsa kuima pamaso pa anthu osamva ngakhale liwu limodzi la Chingerezi n'kuyamba nawo.

Komanso msika umenewu umasintha ngati mitengo ya pa Mbare. Mu Julayi 2021 boma la China linaletsa makampani opanga phindu pophunzitsa ana maphunziro apadera a kusukulu, ndipo aphunzitsi okhala kunja amene ankaphunzitsa ana a ku China pa intaneti ntchito zinawathera mwadzidzidzi. Munthu amene anayamba masitazi mu 2020 akuwerengera msika umenewo anamaliza n'kupeza msika wake kulibe. Ku England nako, mu Febuluwale 2023 anatsegulira aphunzitsi a ku Zimbabwe mwayi wofunsira chilolezo chawo chophunzitsira chotchedwa QTS, anthu anasangalala m'magulupu a WhatsApp, koma ukawerenga bwino ankafuna a masamu, sayansi ndi zilankhulo zina, ife a Chingerezi panalibe. Safunsa anadya phula, makolo athu sananame.

Tsono ndisakhale ngati ndikunyoza sukulu, ine mphunzitsi sindingatero. Masitazi ili ndi malo ake ndipo malowo ndi ku yunivesite ndi m'makoleji. Ku Saudi Arabia, Oman ndi United Arab Emirates ophunzira ambiri amayamba ndi chaka chokonzekera Chingerezi asanalowe maphunziro awo enieni, ndipo kumeneko masitazi ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi (TESOL) kapena ya zilankhulo (Applied Linguistics) amaifunadi, malipiro ake sadulidwa msonkho ndipo nthawi zambiri nyumba amakupatsa. Mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi ali ku koleji ina ku Oman, wamangira amayi ake nyumba ku Dzivarasekwa. Koma iye anapita ali ndi zaka zambiri zophunzitsa akuluakulu pa koleji, osati atangochoka pa desiki, ndipo anthu a kumeneko amawerenga zaka zimene waphunzitsa, amafunsanso ngati digiriyo unaiphunzira uli m'kalasi kapena pa intaneti poti ena mwa mayiko amenewa akhala akukana madigiri a pa intaneti. Mwana wa zaka 23 wa masitazi koma sanagwirepo choko, ku yunivesite amuuza alibe luso, ku sukulu ya ana amuuza pepala lakelo silikufunika, ndiye wagwa pakati. Masukulu a international nawo chimene amayang'ana kwambiri ndi dipuloma kapena chilolezo cha uphunzitsi ndi zaka zophunzitsa silabasi ya Cambridge kapena IB.

Chimene masitazi inandipatsa ine ndi china, ndipo sindichipeputsa. Inanditsegula maso kuona chifukwa chake mwana wa kwathu amasokoneza l ndi r polemba, kuti si ulesi koma m'Chichewa kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo la mawu, ndiye khutu lake silinazolowere kuwasiyanitsa. Ndinasiya kukalipa, ndinayamba kuphunzitsa khutu kaye kenako dzanja. Mwana amene kunyumba amayankhula Chichewa ndi agogo, panjira Chishona, m'kalasi Chingerezi, ndinayamba kumuona ngati wolemera osati wosokonezeka. Zimenezo ndi zaphindu ndithu, koma ndinazimvetsa chifukwa ndinali nditaphunzitsa kale zaka 10, mafunso ndinali nawo kale m'mutu. Ndikanaipanga ndili mwana bwenzi ndikungoloweza mayina a azungu olemba mabuku.

Chinanso, tikamati kunja bwanji timangoganiza za ndege ya maola 20? Rwanda inasintha n'kuyamba kuphunzitsa m'Chingerezi mu 2008, ndipo mu Okutobala 2022 aphunzitsi 154 a kuno ku Zimbabwe anapita kumeneko pa mgwirizano wa maboma awiriwa, ambiri kukaphunzitsa m'makoleji a aphunzitsi. Kumeneko palibe anawafunsa ngati ndi eni chilankhulo, Chingerezi chathu chomwechi ndi chimene ankachifuna. Pafupi pompa pa Mozambique amayankhula Chipwitikizi ndipo ofuna Chingerezi aliko ambiri, ku Tete Chinyanja chathu chimamveka bwinobwino pamsika.

Ndipo ngati mwana akuifunadi masitaziyo, bwanji ilipiridwe ndi tomato wa amayi ake? Sikolashipu ya Chevening ya boma la Britain imalipira masitazi ya chaka chimodzi, fizi, ndege ndi ndalama yodyera, koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kwanu zaka ziwiri. Mukuona, nawonso akuti yamba wagwira ntchito. Masikolashipu a Commonwealth abale athu a ku Lilongwe ndi Blantyre amafunsira, ife kuno khomo limenelo linatsekeka pomwe Zimbabwe inatuluka mu Commonwealth mu 2003. Apa ndikumbutsenso anzanga a makolo ochokera ku Malawi, ambiri tinakula ndi zitupa zolembedwa kuti alien, malamulo a dziko a 2013 anatipatsa unzika ife obadwira kuno ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, koma alipo ana mpaka lero mapepala awo sanakonzedwe. Mwana wotero akulota za Dubai pomwe pasipoti alibe, yambani mwakonza zimenezo chonde.

Tsiku lija tinakambirana mpaka dzuwa kulowa. Mtsikana uja analira, amvekere amalume ndiye mukuti ndingokhala, anzanga onse akupita. Ndinamuuza kuti ayi mwanawe sukhala, ndinamupatsa foni yanga kuti awerenge yekha malamulo a viza ya ku Korea pa tsamba la boma lawo, anawerenga kawiri n'kundibwezera foni mwakachetechete. Tagwirizana kuti ayambe kuphunzitsa pa koleji ina yapulayiveti m'tauni yomwe ikufuna munthu wa O Level English ngakhale malipiro ake ndi ochepa, Loweruka azindithandiza ana a ekisitira lesoni pakhonde panga, tisonkherane ndalama ya mayeso a Chingerezi a IELTS ndi ya CELTA chaka chamawa, za masitazi tidzazione akadzakwanitsa zaka ziwiri. Mlongo wanga anapinda mapepala a sitandi aja n'kuwamanganso pa mfundo ya chitenje.

Pempho langa kwa inu akonzi, tumizani mtolankhani wanu akalowe m'maofesi a maejenti amenewa m'tauni muno ngati kholo lofuna kutumiza mwana, akafunse funso limodzi lokha, kuti viza yake dzina lake ndi chiyani ndipo pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi imaloledwa pa viza imeneyo? Zimene akayankhe mudzatilembere momwemo. Madola 150 amene mlongo wanga anapereka kale ngati ya fomu sitinawaonenso, ejenti uja foni sakuyankha kuyambira Lachiwiri.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Mufakose, Harare