Kalata kwa mnzanga: chimene chimayambitsa chikanga ndi zimene zimachidzutsa

Okondedwa anzanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko. Nkhani ya chikanga chimene chikuvutitsa mwana wanu yandikhudza kwambiri, makamaka pamene mwalemba kuti mukudziimba mlandu poganiza kuti simukumusamalira mokwanira. Chotsani maganizo amenewo, chifukwa matendawa, amene madokotala amawatcha eczema, sabwera chifukwa cha uve, ndiponso sapatsirana ngati mphere kapena zipere.

Gwero lake lili m'khungu momwemo. Khungu labwinobwino limasunga chinyezi ndi kutsekereza zoipa zakunja, koma la munthu wa chikanga limauma msanga n'kukhala ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, pamene sopo, fumbi ndi tizilombo zimalowera. Chitetezo cha m'thupi chimalimbana nazo mopitirira muyeso, ndipo kuyabwa ndi kutupa kumachokera pamenepo. Mu 2006 ofufuza anapeza kuti ena mwa odwalawa amabadwa ndi vuto pa jini (kachidutswa ka chibadwa kamene timatengera kwa makolo) yopanga filaggrin, puloteni yolimbitsa khungu. N'chifukwa chake matendawa amakhala akumtundu, ndipo kawirikawiri amapezeka m'mabanja momwe muli mphumu kapena chimfine chobwera ndi mungu wa maluwa. Ambiri amayamba asanakwanitse zaka zisanu, ndipo ochuluka amapezako bwino akamakula.

Chibadwacho simungachisinthe, koma zodzutsa matendawa mungathe kuzichepetsa, ngakhale kuti zimasiyana munthu ndi munthu. Zoyamba kuzikayikira ndi sopo wonunkhiritsa, madzi osamba otentha kwambiri, ndi sopo wochapira amene watsalira m'zovala zosatsukuluza bwino. Zovala zaubweya ndi za nayiloni zimanyerenyetsa, pamene zathonje khungu limagwirizana nazo. Thukuta la nthawi yotentha limachidzutsa, mphepo yozizira ndi youma nayonso chimodzimodzi. Palinso tizilombo tating'onoting'ono tokhala m'fumbi la matiresi ndi mapilo, ubweya wa amphaka ndi agalu, utsi wa fodya, ngakhalenso nkhawa, imene ana nawonso amakhala nayo ngakhale sadziwa kuifotokoza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukanda. Mwana akakanda, khungu limang'ambika, likang'ambika limayabwa koposa, ndipo iye amakandanso, makamaka usiku ali m'tulo. M'mabalamo mumalowa bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, amene amakonda kukhala pakhungu la anthu a chikanga. Choncho muzimuwenga zikhadabo, ndipo mukaona mafinya, nkhanambo zachikasu kapena kutentha thupi, musazengereze kupita naye kuchipatala.

Pa maganizo anu omusiyitsa mkaka ndi mazira, ndikupemphani kuti muyambe mwadikira. N'zoona kuti zakudya zimenezi zimadzutsa chikanga mwa ana ena, makamaka makanda amene matendawa awagwira kwambiri, koma kwa ana ambiri vuto silikhala chakudya, ndipo kumumana zakudya zomanga thupi popanda uphungu wa dokotala kungamubwezere m'mbuyo pa kakulidwe kake. Ndi bwino kuti muzilemba m'kope tsiku limene chikanga chadzuka, zimene anavala, anadya ndi kusambira, n'kumasintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti muzindikire chenicheni. Muzimudzozanso mafuta osanunkhira kangapo patsiku, makamaka akangotha kusamba khungu lisanaumiretu.

Mundidziwitse zimene dokotala anene, ndipo mupereke moni kwa onse kunyumbako.

Ine mnzanu wokukondani.