Hurricane ipatsidwe ulemu wake, koma tisabise chilema chake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za ndege ziwiri, Spitfire ndi Hurricane, zomwe zinateteza Britain pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse mu 1940, kuyambira Julayi mpaka Okutobala, pamene ndege za Germany zinkabwera tsiku ndi tsiku kudzaphulitsa mabwalo a ndege ndi mizinda. Ife okonda mbiri ya ndege zakale timakangana kwambiri pa nkhaniyi, ndipo maganizo a ambiri asintha. Kusinthako ndikukondwera nako, koma pali pena pamene anzanga apyola muyeso.

Kwa zaka zambiri dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense ndi Spitfire. Nzosadabwitsa. Ndegeyi ndi yokongola, mapiko ake ngozungulira bwino, ndipo amene anaikonza, R. J. Mitchell, anamwalira ndi khansa mu 1937 asanaone ntchito yomwe inadzagwira. Nkhani yotere imakhudza mtima. Koma anthu atafufuza m'mabuku a asilikali ndi kuwerengetsa bwinobwino, zinaoneka kuti yomwe inagwetsa ndege zambiri za adani m'miyezi imeneyo ndi Hurricane, ya kampani ya Hawker, yokonzedwa ndi Sydney Camm. Magulu ouluka ndi Hurricane ndiwonso anali ochuluka. Ngakhale gulu lotchuka la 303, la anyamata a ku Poland omwe anathawa kwawo dziko lawo litalandidwa, linkamenya nkhondo ndi Hurricane.

Chomwe chimandikopa pa ndegeyi ndi kapangidwe kake. Thupi lake, kuchokera kumbuyo kwa woyendetsa kukafika kumchira, linali la mapaipi achitsulo ndi timatabwa, ndipo pamwamba pake ankakutapo nsalu yopakidwa mankhwala oilimbitsa. Ena ankaiona ngati yachikale. Koma taganizani ndege yatera itabooledwa ndi zipolopolo. Nthawi zambiri chipolopolo chinkangoboola nsalu n'kutulukira mbali inayo. Makaniko ankadula chigamba, kumata pabowopo, kupaka mankhwala aja, ndipo ndege inkabwereranso m'mwamba. Spitfire inali yachitsulo thupi lonse, ndipo ikaonongeka inkafuna amisiri ndi zida zapadera. Miyendo ya matayala a Hurricane inalinso yotalikirana, choncho mnyamata wotopa, wongophunzira kumene, ankatha kutera pabwalo la udzu osagubuduka. Pankhondo yomwe ndege iliyonse inkafunika mawa lake m'mamawa, zimenezi sizinali zazing'ono.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena. Atamva zonsezi ayamba kunena kuti Spitfire inangotchuka ndi nkhope basi. Ayi ndithu. Ndege ziwirizi zinali ndi injini imodzimodzi, Merlin ya Rolls-Royce, komanso mfuti zisanu ndi zitatu iliyonse, koma Spitfire inali ndi liwiro loposa, ndipo ndiyo inkalimbana bwino ndi Messerschmitt Bf 109, ndege yankhondo ya Germany. Spitfire inapitiriza kukonzedwa n'kumalimba mpaka nkhondo kutha, ndipo zinapangidwa zoposa 20,000. Za Hurricane zinali pafupifupi 14,500, ndipo anasiya kuzipanga mu 1944.

Chinanso chimene okonda Hurricane sakonda kutchula ndi moto. Kutsogolo kwa woyendetsa, pakati pa iye ndi injini, kunali thanki ya mafuta yomwe poyamba inalibe chotetezera chotseka bowo ikalasidwa, ndipo matanki ena anali m'mapiko pafupi ndi miyendo yake. Mafuta akayaka, malawi ankalowa m'chipinda chake. Akatsegula chitseko chapamwamba kuti adumphe ndi parachuti, mphepo inkakokera moto uja kumaso ndi m'manja. Anyamata ambiri anapulumuka ali ndi nkhope zopsereza, ndipo dokotala Archibald McIndoe anathera zaka akuwaumbanso zikope, milomo ndi zala pachipatala cha ku East Grinstead, ku England. James Nicolson, yemwe analandira mendulo ya Victoria Cross, yapamwamba koposa imene Britain imapereka kwa asilikali olimba mtima, anapsa chomwecho pa 16 Ogasiti 1940, atakhalabe m'Hurricane yoyaka kuti aombere ndege ya adani. Munthu akamatamanda nsalu ndi zigamba zija, asadumphe anyamata amenewa. Zimandiwawa ndikamva wina akuinena ndegeyi ngati inalibe banga.

Ndiponso tikamangoyerekeza ndege ndi ndege timaiwala kuti oyendetsa ndege zonse ziwiri ankauzidwa kopita ndi anthu a pansi. Makina a radar (ozindikira ndege zikadali kutali) a m'mphepete mwa nyanja, anthu oyang'ana kumwamba ndi maso, ndi amayi osuntha zizindikiro pamapu, zonsezi pansi pa Hugh Dowding, mkulu wa ndege zoteteza Britain, ndizo zinkachititsa kuti ndege zinyamuke pa nthawi yake osati kumangozungulira m'mwamba kutha mafuta.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti tsiku lina mudzatilembere za Elsie MacGill, mayi injiniya wa ku Canada amene anayang'anira ntchito yopanga ma Hurricane oposa 1,400 pafakitale ya ku Fort William, ku Canada komweko. Achinyamata athu, makamaka atsikana ofuna ntchito za uinjiniya, ayenera kumudziwa.

Ine wanu,
Wokonda mbiri ya ndege zakale