Tifunse kaye za bondi ya ngalande

Akonzi,

Khonsolo ya Lusaka ikadzaitana anthu kuti akambirane za bondi yomangira ngalande ndi misewu, tisapite kukangowomba m'manja. Bondi ndi ngongole: ogula amalandira chiwongoladzanja, ndipo nthawi ikakwana khonsolo imabweza ndalama zonse. Funsani kuti zobwezazo zidzachokera kuti, ku msonkho wa nyumba kapena wa m'misika? Ngongoleyo ili mu kwacha kapena madola? Kwacha ikagwa, ya madola imatupa, ndipo sitinaiwale 2020 pamene dziko linalephera kulipira Eurobond, bondi ya madola imene boma linagulitsa kunja.

Pemphani mapepala msonkhano usanachitike, ndipo madandaulo muwalembe n'kupereka kwa khansala, chifukwa zapakamwa zimaiwalika. A ku Kanyama aumirire kuti ndalama zochotsera zinyalala m'ngalandemo zilembedwe padera.

Wowerenga wanu,
Chawama