Kwa Tiyamike: za maselo oyenda ulendo mu mluza

Wokondedwa Tiyamike,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno tonse tili bwino. Unafunsa chomwe chanditenga mtima pa maphunziro angawa, ndiye tamvera.

Maselo amene amadzasanduka mazira kapena umuna sayambira m'ziwalo zoberekera ayi. Mwa munthu amaoneka koyamba mluza uli ndi masabata 3 kapena 4, pakhoma la kathumba kamene kali kunja kwa thupi la mwanayo. Akachoka apo amakwawa kutsata matumbo, ndipo pofika sabata la 6 amakhala atafika pomwe ziwalozo zikungoyamba kuumbika. Mwa nkhuku sakwawa njira yonse: amalowa m'mitsempha n'kutengedwa ndi magazi, thadzi litangofungatira dzira masiku awiri kapena atatu.

Nanga kolowera amakudziwa bwanji? Mu 2002 gulu la katswiri wa sayansi Erez Raz ku Germany linaonetsa pa nsomba ya zebrafish kuti kumalo kofikirako kumachokera puloteni yotchedwa SDF-1, ndipo maselowo amailondola ngati galu pa fungo la nyama. Ataisokoneza, maselo anangomwazikana m'thupi monse. Osochera ambiri amafa. Mwa anthu, ena opulumuka amatha kuyambitsa chotupa cha teratoma, chomwe nthawi zina amachipeza chili ndi tsitsi ndi mano. Zoopsa, eti?

Pa nkhani ya chisinthiko, kutanthauza kusintha kwa mitundu ya zamoyo m'kupita kwa mibadwo, m'pomwe pakoma. Ntchentche za pazipatso, achule ndi zebrafish, mayi amaikiratu m'dzira zinthu zosankha maselowa. Mbewa ndi ife ayi, maselowa amasankhidwa pambuyo pake atalandira uthenga kwa maselo oyandikana nawo. Akatswiri ambiri akuti njira yathuyi ndiyo yakale, inayo inachita kutulukira kangapo m'mitundu yosiyana. Koma konseko maselowa amapatulidwa msanga, thupi lisanaumbike. Katswiri wa sayansi wa ku Germany, August Weismann, analemba za zimenezi mu 1892: zomwe thupi lapeza m'moyo, kaya chipsera kaya minofu ya kumunda, sizipita kwa ana. Anafika podula michira ya mbewa mibadwo ingapo, ana n'kumabadwabe ndi michira. Kwa ine umboni wa michirawo ndi wofooka, popeza kudulidwa si chizolowezi cha thupi, koma ganizo lakelo linakhazikika ndithu.

Undipatsire moni alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
Chisomo