Za bafa la simenti lija

Chemwali wanga,

Lero ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino, chifukwa nkhani ya bafa iyi siingathe ndi timauthenga tija timatumizirana iwe uli m'basi kupita kuntchito. Kuno ku Lilongwe tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latikhaulitsa, usiku tikugona mawindo ali pululu, udzudzu nkumachita nafe phwando. Amayi ndinakawaona Loweruka. Ali bwino ndithu, koma bondo lija likumawavutabe m'mawa. Andipatsira mtedza woti ndikusungire, ngati kuti Manchester ndi pa Mitundu pompa.

Ku puloti ndinapitako Lolemba. Malata akhoma, mafelemu a mawindo alowa, pulasitala wam'kati watsala chipinda chimodzi. Ndiye kuti tafika pa zapansi, ndipo mmisiri akudikira mawu ako.

Zithunzi za mabafa a simenti zimene unanditumizira, zochokera pa tsamba la pa intaneti la Pinterest, ndaziona zonse. Ndinaseka ndekha, mnzanga. Ife amene tinakulira pa simenti, Loweruka lililonse tili chogwada ndi chitini cha Cobra ndi kansanza, kupukuta mpaka pansi pazioneka nkhope, tinalumbira kuti tikadzamanga zathu tidzaika matailosi mpaka kukhonde. Lero iwe wapita kutali konseko kukapeza kuti azungu akulipira ndalama zambiri kuti pansi pawo pazioneka ngati pa nyumba ya aphunzitsi ya kumudzi kwathu! Koma nditaseka ndinayang'ananso kachiwiri, ndipo ndagwirizana nawe. Bafa la simenti yotuwa, sinki itakhala pa thebulo la konkire lotuluka m'khoma, kalilole wamkulu pamwamba, n'lokongola. Tikhoza kulipanga. Koma undimvere kaye zimene zithunzizo sizikuonetsa, chifukwa ine ndinaziphunzira ndi misozi m'bafa langa lomwe.

Choyamba, zambiri mwa zimene ukuonazo si konkire yeniyeni. Ndi chinthu china chimene amachitcha microcement, chimene amangopaka pamwamba mopyapyala, mamilimita 2 kapena 3, n'kuchikutira ndi vanishi wake. N'chifukwa chake chimaoneka chosalala chopanda mng'alu ngakhale umodzi. Chathu chikhala simenti ndi mchenga basi, ndipo uyembekezere kuti mtundu wake sukhala wofanana paliponse, pena pada pena pambee, mwinanso timizere tating'ono ngati tsitsi tidzaoneka pakapita miyezi. Ine zimenezo ndimazikonda. Ngati iwe zidzakunyansa, nena pano tigule matailosi, tisadzakangane ukadzabwera pa Khirisimasi.

Tsono imva za ine. Pamene tinkathira bafa lathu ndinali kuntchito, bambo a kunyumba ali ku Mzuzu. Ndinabwera madzulo ndikupeza pansi pali see, posalala bwino, mmisiri akumwetulira. Ndinamuyamikira mpaka ndinamuonjezera ya sopo. Tsiku limene tinasambamo koyamba, madzi m'malo mothamangira pa kabowo kotulukira, anayamba ulendo wa kukhomo. Anadutsa pansi pa chitseko, n'kukaima pa kolido. Munthu uja anasalaza pansi ponse mofanana, ndipo kabowo anakasiya pamalo okwererapo pang'ono. Kwa zaka ziwiri aliyense akatha kusamba ankagwira tsache n'kumakankhira madzi kubowo, ngati akusesa pabwalo. Pakona pamene madzi ankatsalira panamera ndere yobiriwira, chitseko chinafufuma kunsi mpaka chinasiya kutsekeka. Mapeto ake tinaswa n'kuthiranso, ndalama kawiri. Safunsa anadya phula.

Ndiye kwako ndikakhalapo ndekha tsiku lothiralo. Pansi payenera kupendekera kubowo kuchokera mbali zonse, masentimita awiri pa mita iliyonse, ndipo malo osambira atsike pang'ono kuposa bafa lonse. Ndamuuza kale mmisiri kuti aike zizindikiro ndi levulo ndi chingwe asanasakanize kalikonse. Anandiyang'ana ngati akuti mayi awa akudziwa chiyani, koma ndinamuuza kuti kukacha ndidzathira ndowa yodzaza pakhomo, ndipo ngati madzi ena adzaime, ndalama yake idzaimanso pomwepo.

Chachiwiri ndi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa m'nyumbamo muzikhala amayi. Amisiri athu akamamaliza pansi amakonda kuwaza simenti youma pamwamba n'kusalaza ndi chitsulo mpaka kuwala. Pabalaza zimenezo n'zabwino. M'bafa ndi msampha. Pakangogwera madzi a sopo pamaterera ngati therere, ndipo iwe amene umagwira ntchito yosamalira okalamba ukudziwa kuposa ine chimene chimachitika munthu wa zaka za m'ma 70 akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kasimenti kowazako kamakhalanso kofooka, pakapita nthawi kamayamba kusweka timamba. Ine ndikuti pamalo osambira asalaze ndi thabwa lokha, pakhale pokhakhala pang'ono moti phazi lizigwira, koma posakanda. Mbali ya ku sinki ndi kuchimbudzi angasalaze ndi chitsulo, koma polishi asadzafikeko. Ndikudziwa kuti mtsikana amene amawathandiza amayi adzafuna kupakamo Cobra kuti aoneke wakhama. Ndidzamuuza ndekha.

Ndaganizanso kuti timange kabenchi ka konkire m'malo osambiramo, kotalika masentimita 45, kuti amayi azikhalapo akamakwecha mapazi. Pakhoma pambali pake tiikepo chitsulo chogwirira. Zimenezo kwanuko n'zosasowa, ukhoza kubwera nacho chabwino chosachita dzimbiri, koma undiuze kutalika kwake kuti tisiye malo olimba pomangirira. Paja makoma ako ndi a mabuloko a simenti okhala ndi mabowo m'kati, ndipo bawuti sigwira pa mphako. Pamalo amenewo tiyenera kudzazamo konkire tsopano lino.

Za kasakanizidwe sindikutopetsa nazo. Pansi penipeni konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale, titayala kaye pulasitiki yakuda ija kuti chinyontho cha m'nthaka chisakwere. Pamwamba pake muyezo umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga, atathiramo mankhwala oletsa madzi kulowa. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wosefa. Anyamata a malole akakuona kuti ndiwe mzimayi amakubweretsera wa kudambo wodzaza ndi dothi, ndipo ndi umenewo umang'alula pansi. Ine ndimatapa pang'ono m'botolo, kuthira madzi, kukhutchumula, n'kusiya. Dothi likakhazikika pamwamba pa mchenga lochindikala, lole ibwerere. Simenti ilipo, ya Shayona ya ku Kasungu, ya Njereza ya ku Mangochi, ngakhale ya Dangote yochokera ku Zambia. Chimene ndimayang'ana ine ndi nambala ya pathumba, yosonyeza mphamvu ya simentiyo: ya 32.5 ikwanira pansi, koma pa thebulo la sinki ndikufuna ya 42.5. Ndipo matumba a bafa agulidwe tsiku limodzi, a kampani imodzi, chifukwa kutuwa kwa simenti kumasiyana, ndipo pano palibe matailosi odzabisa.

Koma chinsinsi chachikulu ndi madzi. Anthu ambiri amaganiza kuti simenti imalimba ikauma. Ayi, imalimba ikamamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo ikauma msanga imakhala yofumbutuka, ukasesa tsache limatuluka ndi fumbi mpaka kalekale. Ndi dzuwa lilipoli, pansi pothiridwa m'mawa pofika masana pamakhala patauma gwa. Tiyenera kuyala masaka onyowa n'kumathirira m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku 7 osadumphitsa, ndipo mphamvu yake yonse imakwana pa masiku 28. Apa ndi pamene amisiri amathamangira, chifukwa iwo akufuna alandire zawo apite pena. Mlonda wako uja ndalankhula naye, ndamulonjeza kangachepe pamwamba pa malipiro ake kuti ntchito yothirira ikhale yake. Migolo iwiri ndabwereka kale kwa alamu anga.

Tsopano thebulo la sinki, limene ndi gawo limene landisangalatsa kwambiri. Ukukumbukira kabati yoyera ija ndinagula m'tauni, ya sinki pamwamba, imene unaiyamikira utabwera ulendo watha? Kulibe. Matabwa ake aja ndi utuchi wongomata ndi guluu. Paipi inkadontha pang'ono kumbuyo osadziwa, thabwa linafufuma ngati chigumu, mphemvu zinapezamo mudzi, kenako chiswe chinadzamaliza. Tsiku lina ndikutsegula chitseko chinangotsalira m'manja. Ndiye ukamanena za thebulo la konkire, ine ndikuvomera ndi manja awiri. Chiswe chidzalira nalo.

Mmene ndikuganizira ndi motere. Timange timakoma tiwiri tating'ono m'mbali, pamwamba tithire silabu yochindikala masentimita 7, m'kati muli zitsulo za Y10, zija zonenepa mamilimita 10, zolukana, zina zitalowa m'khoma. M'zithunzi zako zina thebulo likungolendewera lopanda miyendo. N'zotheka, koma konkire ndi yolemera, ndipo tsiku lina mdzukulu adzakwerapo kuti adzione pa kalilole. Ine ndikuti tiike miyendo. Kutalika kuchoka pansi kufika pamlomo pa sinki kukhale masentimita 85, kutuluka kuchoka kukhoma 55. Samala apa: ngati ukufuna sinki yokhala pamwamba ngati mbale ija, thebulo liyenera kutsika kuti mlomo wa mbaleyo ndiwo ufike pa 85, apo ayi amayi azidzasukusula atanyanyamphira. Choncho sinki ndi mpope zigulidwe kaye thebulo lisanathiridwe. Mabowo a mapaipi timasiyiratu poika tizidutswa ta paipi m'bokosi la matabwa tisanathire. Kuboola pambuyo ndi tchizulo ndi kumene kumaswa ntchito yonse. Ndipo matabwa a bokosilo akhale osalala, chifukwa konkire imajambula chilichonse chimene yagonera, ngakhale mutu wa msomali.

Sinki youmba ndi simenti yomweyo, imene ili pachithunzi chachitatu, ndakana. Mankhwala otsukira mano, sopo, mafuta, zonse zizidzathera mmenemo tsiku ndi tsiku. Tigule yoyera wamba, yosavuta kutsuka, ndipo ikasweka timangochotsa n'kuika ina.

Kunsi kwa thebulo usatseke konse. Mbali imodzi kalipentala aike zitseko za thabwa lenileni, mlombwa ukapezeka, zokwera pang'ono kuti zisakhudze madzi a pansi. Mbali inayo ikhale yotsegula, malo okwana ndowa ziwiri. Ukhoza kuseka, koma kwanuko mwaiwala kuti mpope umatha kungotsokomola osatulutsa kanthu. Kuno bafa lopanda malo a ndowa ndi beseni ndi bafa la pachithunzi. Pa chifukwa chomwecho ndikufuna kampope kena m'munsi, m'malo osambira, kotalika kufika m'bondo, kotungira m'ndowa. Amayi shawa saikonda n'komwe, amati madzi ogwa pamutu ngati mvula sayeretsa munthu. Iwo ndi madzi ofunditsa pa mbaula, chinkhupule, ndi mwala wawo wa mapazi umene anachoka nawo kumudzi. Mwalawo ndaupezera kale malo, kashelefu kolowa m'khoma pafupi ndi benchi, pokhalanso sopo.

Zonse zikauma, patatha mwezi wathunthu, tidzapake sealer, mankhwala oonekera ngati madzi amene amatseka timabowo ta simenti. Popanda amenewo simenti imamwa chilichonse. Ine dontho limodzi la mankhwala odetsa tsitsi linagwera pa thebulo langa ndisanapake, mpaka lero lilipo, looneka ngati mapu a nyanja. Tisankhe wosawala, chifukwa wonyezimira amabweretsanso kuterera kuja. Amafunika kubwerezanso pakapita zaka zingapo, ukaona kuti madzi asiya kuima timadontho pamwamba. Ndipo potsuka, sopo wamba ndi burashi basi. Viniga, mandimu, ndi mankhwala a asidi otsukira m'chimbudzi amadya simenti, amasiya zipsera zoyera zosachoka.

Chimodzi chimene sindingachikonze ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julaye simenti ya ku Lilongwe m'mawa imaluma kuphazi. Kwanuko ndamva amaika zotenthetsa kunsi kwa pansi. Kuno tiika kamphasa ka thabwa kopondapo potuluka, ndi mapatapata. Windo lokha ndapempha kuti likulitsidwe pang'ono, kabowo kamene anasiya kaja n'kochepa, ndipo bafa lotuwa lopanda kuwala lingamaoneke ngati selo ya kupolisi. Khoma limodzi tipake loyera.

Za ndalama, ndikutumizira pepala la mmisiri mawa ndikalijambula. Sindilemba mitengo muno chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene wauzidwa Lolemba sukhala womwewo Lachisanu. Chimene ndingakuuze n'chakuti matailosi, guluu wake ndi kabati yogula zikachoka pamndandanda, pakutsala ndalama yooneka. Koma usaiwerengere yonse. Ina ipite kwa pulambala wabwino, chifukwa mapaipi akakwiririka mu konkire, kudontha kulikonse ndi nyundo. Ndikufuna adzaze madzi m'mapaipi onse, atseke, tigone usiku umodzi tione ngati pali ponyowa, ndiye tithire.

Undiyankhe zinthu zitatu sabata ino isanathe: sinki ya pamwamba kapena yolowa m'thebulo, simenti yotuwa chomwecho kapena tithiremo pang'ono okusaidi wakuda, ufa uja wosinthira mtundu wa simenti, ndi kutalika kwa chitsulo chogwirira chija. Ndikufuna tithire mvula isanayambe, chifukwa msewu wa ku puloti kwako ukangonyowa lole ya mchenga siifika.

Ana akupereka moni. Wamng'ono uja akuti usaiwale nsapato za mpira, saizi 5 tsopano, phazi lakula. Mtedza wako ndayamba kale kukazinga, usandiimbe mlandu.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa ku Area 49